Mabuku a Ursula

Tsiku logawa katundu wa malemu Ursula, Levison sanalimbirane kanthu. Azakhali anatenga furiji, asuweni anagawana nsapato, amalume ake a Zikhale ananyamula katoni ya mabuku akale, ati akakongoletsere shelefu kwawo ku Area 47. Iye anangopempha tabuleti ya mlongo wakeyo. Munali mabuku ambirimbiri amene Ursula ankagula pa intaneti. Limodzi mwa iwo Levison ankamuwerengera ali gone m'chipatala, ndipo Ursula anatsikira kuli chete asanalimalize.

"Utenga, koma dikira kaye," anatero a Zikhale. "Cha womwalira sachipereka chosachapa."

Zovala anazichapadi. Tabuleti anaitumiza ku Old Town kwa Nasser, wokonza mafoni, kuti achotsemo zonse za malemu. Inabwera ili mbee, ngati ya m'sitolo.

Levison anathamangira komweko.

"Achimwene, ine ndinangouzidwa kuti fufuta," anatero Nasser. "Lowani ndi akaunti ya mwiniwake, mabuku abwerera."

"Mwiniwake ali kumanda."

"Aa, pepani. Ndiye alembereni akampani yogulitsa mabukuwo."

Anawalemberadi. Yankho linabwera laulemu kwambiri: akumva naye chisoni, koma akaunti siperekedwa kwa munthu wina. Chimene Ursula analipira chinali chilolezo chowerenga, ndipo chilolezocho chinatha naye.

Chilolezo! Ursula yemwe uja ankadzimana nkhomaliro kuntchito ku City Centre, n'kumanyadira kuti wagula buku! Furiji yapeza mwini, nsapato zapeza eni, ngakhale ndowa yobooka ija wina anapita nayo. Koma mabuku, pamodzi ndi mizere imene ankaidula pomwe pamukhudza, akwiriridwa naye ndi anthu amene sanabwere n'komwe pamaliro.

Ku Area 47 mlonda anamutsegulira geti. Mabuku akale aja anali pambali pa TV, atandandalikidwa potsata msinkhu, lalitali kuno, lalifupi uko.

"Amalume, nayi tabuleti yanu yochapa bwino ija. Mundipatse mabukuwa."

"Iwe mphwanga, sukulu unaithawa. Mabuku utani nawo?"

"Sindinathawe. Ndinkadwazika mlongo wanga inu muli kumisonkhano ku Salima."

A Zikhale anatsegula pakamwa, koma akazi awo anali atalandira kale tabuletiyo, akuti Jordan, mwana wawo, aziseweretsa. Levison analongedza mabuku m'katoni popanda womuthandiza.

Mu minibasi anatsegula limodzi. Pachikuto panali dzina la Ursula, la zilembo zake zopendekeka zija, ndipo tsamba lina linali ndi banga la tiyi. Anafufuza katoni yonse ngakhale ankadziwa kale: buku lija la kuchipatala munalibe.

"Braz, katoniyo ipite kumbuyo," anatero kondakitala. "Mukupanikiza anthu."

"Siipita."

"Ndiye ndi mwana kuti muifungate?"

Levison anaikumbatira pamiyendo mpaka kudepoti.