Dipuloma ya Sajeni Nasiyaya

Jailos Nasiyaya anatuluka usilikali mu 1970 ali sajeni, atakonza malole ndi injini za magetsi kwa zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri. Atabwerera kwawo ku Mulanje anapeza ntchito pa fakitale ya tiyi m'munsi mwa phiri. Makina akangoima, aliyense ankafuula dzina lake. Ngakhale mainjiniya achinyamata ankaima kumbuyo kwake n'kumaonerera mmene akumasulira zitsulo. Koma pa pepala Jailos anali wothandizira chabe, poti sukulu analekezera Sitandade 6.

Iye sankadandaula. Wodandaula anali mkazi wake, Esteri.

Loweruka lina masana Esteri akusankha nandolo pakhonde, wailesi inalengeza kuti koleji ina ya zaumisiri ku Blantyre ikufuna akuluakulu amene anaphunzirapo ntchito kwina, ngakhale ku usilikali. Abwere ndi mapepala awo, ndipo akakhoza mayeso, zimene anaphunzira kalezo zidzawerengedwa. Esteri anaika lichero pansi n'kukatulutsa mapepala m'sutikesi.

"Bambo a Lettie, awa mukusungira njenjete?"

"Amenewo ndi a usilikali, mayi. Kunja kuno alibe ntchito."

"Wailesi yati ali ndi ntchito. Inu mwaiposa wailesi?"

Jailos anaseka n'kusisita imvi zake. "Zaka makumi anayi ndi zitatu, ndikakhale pa desiki limodzi ndi amsinkhu wa mwana wanga?"

"Mukakhale. Jekete ndasita kale."

Lolemba anakwera basi pa Thuchila, khadi la chipani m'thumba la malaya, mapepala m'chikwama cha pulasitiki. Ku koleji anamulandira mphunzitsi wina wamfupi, a Simon Chiwale. Anaona mapepalawo limodzilimodzi: kosi ya ku Zomba, ina ya miyezi isanu ndi umodzi ku Kenya ya injini za dizilo, ina ya mawaya a magetsi.

"A Nasiyaya, zimene timaphunzitsa chaka choyamba ndi chachiwiri munazidutsa kale," anatero a Chiwale. "Koma sitingangokhulupirira pepala. Mubwere mu Ogasiti mudzayesedwe masamu ndi ntchito yamanja. Mukakhoza, mudzayambira chaka chomaliza."

Ntchito yamanja sinamuopse. Masamu ndiwo anamutulutsa thukuta. Analembetsa maphunziro odzera pa positi, ndipo envelopu yoyamba itafika anaona manambala atasakanikirana ndi zilembo. Lamlungu lililonse akaweruka kutchalitchi ankakhala pansi pa mtengo wa mapeyala, buku pamwendo, Esteri akuingitsa nkhuku ndi alendo omwe. "Akuwerenga, mubwere mawa." Anzake akufakitale anayamba kumutchula kuti mwana wa sukulu.

Patatha mwezi, tsiku lina anangodzimenya pantchafu. Anali atazindikira kuti kufunafuna chilembo chosadziwikacho n'chimodzimodzi kufunafuna vuto mu injini: umachotsa zimene ukuzidziwa chimodzichimodzi mpaka chitsale chimodzi. Kuyambira pamenepo pensulo inayamba kuthamanga.

Tsiku la mayeso analowa m'holo akuyenda mwa chisilikali, jekete litamangidwa mabatani onse. Anyamata ndi atsikana amene anali atakhala kale anaimirira onse n'kumupatsa moni, akumuyesa woyang'anira mayeso.

"Khalani pansi, ana anga," anatero Jailos. "Nanenso ndabwera kudzanjenjemera."

Holo yonse inafa ndi phwete, ndipo mantha ake anathera pomwepo.

Mawa lake anamupatsa injini ya magetsi imene aphunzitsi anaiononga dala, n'kumuuza kuti ali ndi maola awiri. Jailos anaipukusa kamodzi, n'kutchera khutu. Mpweya unali utalowa m'paipi ya mafuta. Anautulutsa, injini n'kulira. Koma sanaime. Anapendeketsa mutu, anamvetseranso, kenaka anaizimitsa n'kumasula chivundikiro cha mbali.

"Mwamaliza kale, mukufunanso chiyani?" anafunsa a Chiwale.

"Lamba uyu wang'ambika mkati, bwana."

A Chiwale anawerama n'kuyang'ana. "Uyu sitinamuononge ife."

"Ndiye anaonongeka yekha. Mukandipatsa wina ndikonzeretu."

Kalata inafika mu Okutobala kudzera ku ofesi ya esiteti. Jailos anaiika m'thumba osaitsegula, ndipo masana onse ankangoigwiragwira. Anakaitsegulira kunyumba, Esteri ataima pambali pake manja ali m'chiuno. Anawerenga kawiri.

"Tanenani, inu!"

"Masamu 54. Ntchito yamanja 96. Akuti ndipite mu Januwale."

Esteri anaimba nthungululu mpaka amayi a m'nyumba zonse za kampani anatuluka, ena thovu la sopo lili m'manja.

Abwana a fakitale anamupatsa tchuthi cha chaka. Ku koleji anyamata ankamutchula ankolo. Iye ankawadzutsa m'mamawa kuti akathamange, iwo n'kumamuthandiza kujambula mapulani a makina, pamene zala zake zokhuthala zinkathyola pensulo. Ankalakalaka kwawo, makamaka kukacha bwino phiri likamaonekera patali, koma kalata za Esteri, zolembedwa ndi mwana wawo Lettie, zinkangoti: "Nandolo wacha. Musabwere mpaka mumalize."

Anamaliza. Tsiku lolandira dipuloma, dzina lake litaitanidwa, anakwera pansanja, anagunditsa zidendene n'kuchita sailuti asanakumbukire kuti amayenera kungogwira chanza. Anthu anaomba m'manja nthawi yaitali.

Loweruka lotsatira kwawo ku Milonde ng'oma za tchopa zinayamba dzuwa lisanafike pamutu. Abale anabwera ena kuchokera kutsidya kwa malire, anzake akufakitale anadzaza lole yathunthu. Jailos anatuluka atavala mkanjo wakuda ndi chipewa chake, navina mpaka thukuta linayenderera m'khosi. Kenaka anavula mkanjowo n'kumuveka Esteri pamwamba pa chitenje, chipewa n'kumuika pamutu.

"Aa, ine sindinalembe mayeso!" anakana Esteri akuseka.

"Valani, mayi. Mwina ukukhalani kuposa ine."

Mkanjowo unamufika mpaka kumapazi. Esteri anaukwinya ndi dzanja limodzi, linalo atagwira chipewa kuti chisagwe, n'kulowa m'bwalo. Oimba ng'oma anawonjezera moto, ndipo mvula yowaza itayamba kutsika kuchokera kuphiri palibe amene anathawira pakhonde.