Khoswe Wofanana ndi Ine

Ine Aufi ndinagwa pa siteji ya Egodini ndikudikira khombi, minibasi ya kuno, yopita kwathu ku Njube. Unali mtima. Potuluka m'chipatala dokotala anandiuza kuti ndiziyenda pang'onopang'ono tsiku lililonse, koma mkazi wanga Zulfa anamva zake. Kwa iye wodwala ndi wogona, basi. Anandikhazika pasofa, n'kundifunditsa bulangete dzuwa likuswa mtengo, nsapato zanga n'kubisa. Odzandizonda nawonso, aliyense polowa, "Musadzuke, musadzuke!" Kumzikiti kwenikweniko anandiletsa. Abale inu, kukhala kumatopetsa. Miyendo inayamba kulemera, ndipo ndinaona kuti sofa imeneyi ndiyo indimalize.

Mwana wathu Sabra amafufuza za matenda a mtima kuyunivesite. Ndinkamuseka kuti sukulu yonse ija anaphunzirira kuthamangitsa makoswe. Loweruka lina anabwera, anadandaulira amake mpaka kukhosi kuuma, koma Zulfa anangoti, "Iwe, awa ndi amuna anga." Apo Sabra anatulutsa foni.

"Amayi, taonani kaye ana angawa."

Tinaona makoswe oyera akuthamanga pa lamba woyenda yekha, michira ili pwetepwete.

"Onsewa mitima yawo ndi yodwala," anatero Sabra. "Awa timawathamangitsa pang'ono tsiku ndi tsiku, ndipo mtima wawo umayamba kupopa bwino. Enawa amangokhala m'khola n'kumadya, mtima umatupa n'kufooka. Khoswe si munthu, Amayi, koma dokotala wa ababa ananena zomwezi."

Zulfa anayang'anitsitsa khoswe wina wonenepa amene anabindikira pangodya, akutafuna maso ali tsinzinu. Kenako anacheukira kwa ine, ndili m'bulangete, banzi lili m'manja.

"Hawu! Koma ndi bambo ako enieni awa."

Zinandipweteka, ndisaname. Munthu wa imvi kufanizidwa ndi khoswe, m'nyumba mwanga momwe! Koma ndinaona kuti mlandu ukundikomera.

M'mawa mwake nsapato zinatuluka mu uvuni wa chitofu chathu chakufa. Ndikumanga zingwe, ndinaona mayi a Sabra akuvala mpango, akufunafuna nsapato zawo za matenesi.

"Nanga inu mukupita kuti?"

"Mukuganiza ndingakusiyeni nokha, bambo a Sabra?"

Tinatuluka. Kuno anthu akuluakulu sayenda chabe, ndiye amayi ogulitsa tomato pakona anafuula m'Chindebele, "Liyangaphi?" kufunsa kumene tikupita. Ena anafunsa ngati kwagwa maliro. Zulfa anawayankha kuti tikungoyenda, iwo n'kuseka chikhakhali. Ine sindinasamale. Mphepo inkandiwomba kumaso, ndinkamva fungo la chimanga chootcha, ndinakondwa ngati mwana wotsekera sukulu.

Masiku ano timafika mpaka kumashopu, Lachisanu ndimapita kumzikiti wapansi. Chodabwitsa, amene amayamba wefuwefu ndi Zulfa, mlonda wangayo. Tsiku lina tikukwera kamtunda anandigwira mkono, pamsewu, anthu akuona, zimene sanachitepo chikwatiranireni.

"Bwererani kaye mukapume," ndinatero. "Ine ndili bwino, ndifika ndekha."

Anandigwira zolimba.

"Tsiku lija la ku Egodini ndinamva pafoni, kwa munthu wosamudziwa. Ndinali ndikutsuka mbale. Mukadzagwanso, mudzagwe ine ndili pomwepo."