Mchere wa a Timoteyo

Nsomba yachisanu ndi chiwiri inayandama chagada a Kristina akutsuka mgolo m'mbali mwa dziwe. Anaiona, koma sanaleke kukwecha. Panali patapita masiku atatu chiikire m'manda amuna awo, a Timoteyo, amene anakumba dziwelo okha anthu a ku Bembeke akuwaseka kuti nsomba sizikwera phiri. Tsopano chisanu cha Juni chinali chitalowa m'madzi, ndipo nsomba za makumbazo zinali zitamera zoyera ngati thonje m'mamba.

A Rafaelo, akulu ake a malemuwo, anatsetsereka ku dimba khasu lili paphewa. Anali munthu wosakonda kufunsa kawiri.

"Alamu, mawa m'mawa ndiphwetsa dziweli," iwo anatero. "Zamoyozo zidyedwe pa tsiku lometa. Nsombazi zikutsata mwini wake."

"Zikungodwala, alamu. Zazikulu zoikira mazira ndizipatula mumgolomu. Achimwene anu ankatero. Madzi atsopano tsiku lililonse, ndi mchere, masiku asanu. Zikachira mbewu yatsala."

"Mchere? Athire ndani?"

A Kristina anaimika kukwecha. Mkazi wamasiye sakhudza mchere asanamete, ndipo ngakhale a m'kwaya ya Akatolika, amene amati za makolo anazisiya, pa ichi sachita masewera. Kuonjeza apo, kusiwa kunali kale manong'onong'o. A Timoteyo anamwalira atatupa miyendo, ndipo ena a kuchimuna ankafunsana kuti kodi ankawathirira mchere m'ndiwo ndani, ndipo ali wotani. Kungotapa mchere pamaso pa a Rafaelo, mlandu ukanawagwera a Kristina pomwepo.

"Thirani inuyo," anatero a Kristina.

"Wochuluka bwanji?"

Apa ndiye panavuta. A Timoteyo ankayesa ndi dzanja lawo, ndipo dzanjalo linali pansi pa dothi. Ukachepa suchiza, ukachuluka upha. Mlangizi wa za nsomba anali ku boma, kumene anaitanidwa kukakonza bwalo la msonkhano wa chipani, ndipo wopita kumeneko safunsidwa tsiku lobwera.

"Mwaonatu," anatero a Rafaelo. "Ine ndithire, zife, mudzati alamu anga anandiphera nsomba. Inu muthire, mukudziwa chimene anthu anene. Zisiyeni."

A Kristina ananyamula ndowa. Anatunga madzi pakasupe, ndowa zisanu ndi imodzi, n'kudikira kuti dzuwa liwafunditse. Kenaka anakwinya chitenje, nalowa m'dziwe mpaka m'chiuno. Madzi ankaluma. Ndi kaukonde anatola nsomba zisanu ndi zinayi, imodziimodzi, nazitsitsira mumgolo ngati makanda. Zinangoti duu pansi, makha akupuma movutika. Mayiwo anaima akuziyang'ana, mtima ukuwawa. Anali atachita zonse kupatula chimodzi chimene chikanazichiritsa.

A Rafaelo anapukusa mutu, nalowa m'kanyumba kosungiramo zida kuti atenge fosholo ya mawa. Anatenga nthawi. Potuluka analibe fosholo. Ananyamula mphika wovundikira ndi mbale.

"Ichi n'chiyani? Chinali kuseri kwa thumba la gaga."

Mumphikamo munali timapukusi tisanu ta makoko a chimanga, tomanga ndi luzi, tobowolabowola ndi minga. A Rafaelo anafinya kamodzi, nanyambita chala. Unali mchere. M'mbali mwa mphika munali zolemba za makala, zilembo zopendekera za munthu amene dzanja linali litayamba kale kumukana. A Rafaelo anawerenga mokweza, pang'onopang'ono.

"Kamodzi pa mgolo, tsiku lililonse. Kristina angoponya, asamasule."

A Kristina anakhala pansi pamatope pomwepo. Anakumbuka sabata yomaliza ija, bambowo akukwawira ku dimba ndi ndodo, iwo akuwakalipira kuti nsomba sizithawa, akagone. Kani munthu ankadziwa kuti akupita, ankadziwanso chimene mwambo udzaletse mkazi wake, ndi chimene abale ake adzanene. Misozi inatsika, ndipo sanaipukute.

A Rafaelo anayang'ana zilembozo nthawi yaitali. Kenaka anavula chipewa, nagwada, n'kupereka mphikawo ndi manja awiri.

"Tolani, alamu. Makoko si mchere."

A Kristina anatola kaphukusi kamodzi, nakaponya mumgolo. Kanayandama pang'ono, kenaka kanamira.