Mbewu ya Chambiko cha Thole

Madzi anali akuwira kale m'migolo iwiri pamene Anastazia ankafika pantchito. Zigubu zonse za mkaka zinali pabwalo, zovundukula, ndipo a Bwanali, mwini watsopano wa Chambiko cha Thole, anali ataima pakhomo atapinda manja a malaya.

Dzina la Thole linali litadutsa m'manja ambiri pa Kamwendo. Amene analiyambitsa anali mzungu wa pa esiteti, amene anajambulitsa kathole kofiira pabotolo. Dziko litalandira ufulu iye anabwerera kwawo, nasiyira mmwenye wa sitolo. Amwenye atauzidwa kuti asamukire m'mizinda, dzinalo linagwera a Pius, mlimi wa kwa Mlonyeni. Eni ake ankasintha ngati malaya, koma wopanga chambikocho anali yemweyo, Anastazia. Tsiku lililonse ankasiyako pang'ono m'kabotolo kuti mawa lake athire mumkaka watsopano. Ankati ndi mbewu, ndipo kwa zaka makumi awiri ndi zitatu sanailole kufa, ngakhale sabata imene anaika mwamuna wake m'manda.

Tsono a Pius ankaweta nkhumba. Zotsala zonse zinkapita kukhola, ndipo ndowa za kukhola ndi za mkaka zinkasakanikirana mmene zafunira. A Bwanali anali Msilamu, ndipo anali atalonjeza anzawo a kumzikiti kuti tsopano adzamwa Thole mtima uli m'malo. Analamula kuti ziwiya zonse zitsukidwe ndi madzi otentha, ndipo chilichonse cha nthawi ya a Pius chitayidwe.

Anastazia akanatha kubisa kabotoloko m'nsalu, palibe akanadziwa. Anaganizadi zotero, mpaka anakagwira. Koma kudyetsa munthu mobisa chinthu chimene sadya, iye ankakuona ngati ufiti. Anakatenga n'kupita nako kwa abwanawo.

"Bambo, aka si kotsala ayi. Chambiko chonse chimachokera umu. Mukakataya ndiye kuti mwagula chithunzi cha ng'ombe basi."

A Bwanali sanakalipe. Anakayang'ana kabotoloko nthawi yaitali, kenako anamufunsa ngati angalumbire kuti supuni yake sinalowepo m'ndowa za kukhola zija. Anastazia anakumbukira masiku a msika, pamene akazi a Pius ankangotola chilichonse chili pafupi n'kutungira.

"Sindingalumbire," anatero.

"Ndiye mundimvetse, mayi. Ine ndikawauza chiyani anthu anga, pamene inu nomwe simukudziwa?"

Anamulola kuti apite nako kwawo ngati akufuna. Koma kwa Anastazia kunalibe ng'ombe, ndipo mbewu yosalandira mkaka tsiku ndi tsiku imangowola. Sanafune kuionerera ikufa pang'onopang'ono. Anapita kuseri kwa nyumba, nakumba kadzenje ndi mtengo, nathiramo mbewuyo yekha. Zinamupweteka kwambiri, ndipo analira osabisa.

Mbewu yatsopano inachokera kutauni, yaufa, m'kapepala. Anastazia anachita zonse monga analangizidwira, osaphonya ngakhale chimodzi. Chambiko chinagwira ndithu, choyera bwino, ndipo mabotolo a kathole kofiira anabwerera pashelefu. A kumzikiti anagula nayamika, a Bwanali nawo nkhope inawala.

Tsiku la msika kunabwera a Consolata, mphunzitsi wopuma amene analera ana ake onse ndi Thole. Anagula botolo limodzi monga mwa masiku onse, nalitsegulira pomwepo. Atamwa kamodzi anaima. Anamwanso, kenako analitseka bwinobwino n'kuliika pakauntala. Anastazia anali kuseri kwa chitseko akutsuka zigubu, ndipo anamva mawu onse.

"Pepanitu bambo, ife uthenga sunatipeze," anatero a Consolata kwa a Bwanali motsitsa mawu. "Kodi mayi ankatipangira chambiko aja anatisiya liti?"

A Bwanali anacheukira kuchitseko kuja, kudikira kuti mayiyo atuluke adziyankhire. Anastazia sanatuluke.