Mizere Itatu ya Pamwala wa Amayi

Wozokota miyala anali atagwira kale choko pomwe mchimwene anaphimba mwalawo ndi dzanja.

"Tadikirani kaye. Bambo, mawu amenewa tisalembe."

Bambo anakhala pabenchi, chipewa chili pabondo. Sabata inali isanathe chiwaikire amayi m'manda, koma bambowo anakakamira kuti mwala ukonzedwe iwo maso akadali kuona. Pamwalapo ankafuna kandakatulo komwe amayi anapeka akadali mphunzitsi. Mlongo, amene anawadwazika mpaka tsiku lomaliza, anakanena pamtima:

"Mutu ndi mlendo, umabwera n'kupita;
mtima ndiye mwini nyumba,
sufunsa kuti wagogoda ndani."

"Mwamva?" anatero mchimwene. Iyeyu chibadwire sadziwa kukulunga mawu. "Akuti sufunsa. Chonsecho zaka zonse za matenda oiwalaiwala aja amayi ankangofunsa. Inuyo bambo, m'mawa uliwonse ankati, 'Ndinu ndani?' Tilembe bodza pamwala?"

Wozokota uja anayamba kupukuta fumbi pomwe panalibe fumbi.

"Mwana akunena zoona," anatero bambo motsitsa mawu. "Ndakhala ndikuwatembenuza mawuwa. Mwina amatanthauza kuti mtima umangotsekulira aliyense. Ngati ndi choncho, mayi anu anapita osandidziwa. Ndinali munthu wongobweretsa mankhwala basi."

Chimenechi n'chimene chinkawadya, osati maliro. Zinamupweteka mlongo kuona bambo ake akuchepa chotero pamaso pa mlendo.

"Achimwene, inu mumabwera pakutha pa mwezi, n'kukhala ngati mwadzapempha moto. Mukudziwapo chiyani?"

"Ndiye tiuzetu iweyo, mphunzitsi wamkulu."

"Amene ankafunsa uja ndi mutu. Mlendoyo anali atalongedza kalekale." Anatembenukira kwa bambo. "Mukapita kumsika, amayi ankakhala pampando wautali uja atatambalala, osalola munthu. Ine ndikayandikira ankandithamangitsa. Namwino anamugenda ndi nsapato. Achimwenewa ankawabisira chikwama chawo, ati ali ndi nkhope ya wakuba."

Mchimwene anafuna kuseka, koma sizinatheke.

"Koma mukangotsokomola pageti, musanaoneke n'komwe, ankatsitsa miyendo n'kusendera kukhoma. Dzina ankakufunsani, inde. Koma ankafunsa atakusiyirani kale malo."

Bambo anatembenukira kwa mlongo.

"Ine ndinkayesa kuti ndi iwe unkawakhazika choncho."

"Ine? Amayi aja munthu n'kuwasuntha?"

Mchimwene anachotsa dzanja pamwala, n'kulipukuta pathalauza. Sanapepese, si khalidwe lake, koma anatola chipewa cha bambo chomwe chinali chitagwa pansi.

"Lembani," anatero bambo. "Mzere womalizawo muuzamitse."

Wozokota anawerama n'kuyamba kujambula chilembo choyamba. Bambo anatsokomola, fumbi litawalowa kukhosi. Mlongo anakhala nawo pabenchi paja, kumbali yomwe inalibe munthu.