Khonde Lotsetsereka

Ndinalota ndikukankha amuna anga, a Likongwe, panjinga ya odwala m'khonde lalitali la chipatala. Anali atandipempha kuti ndiwatengere kwathu ku Tsangano, akamalizire masiku awo akuona munda wawo wa kachewere.

Khomo lopita kumudzi linali kumtunda kwa khondelo, lotsekula. Mundawo unkayambira pakhomo pomwepo, ndipo mphepo ya kwathu inkalowa ndi fungo la dothi lonyowa. Kumunsi kunali wodi yowala bwino, mabedi oyala kale, mankhwala onse alipo.

Pakati pa khonde panaima malemu amalume anga a Zakeyu, atavala malaya oyera a dokotala. Ali moyo ankasoka nsapato.

"Amalume, kodi nkololedwa kutuluka?" ndinafunsa.

"Nkololedwa, mayi," anayankha mwaulemu ngati sakundidziwa. "Kuno sitikakamiza munthu. Tinangopendeketsa simenti pang'ono, kuti otopa azifika kwabwino."

Ndinakankha kulowera kumtunda. Pansi anali atajambulapo mapazi obiriwira, onse oloza kuwodi. Ndikaponda limodzi linkalankhula motsitsa mawu.

"Akazi ambiri okonda amuna awo amatsika," linatero phazi lina.

"Mumawakonda, si choncho?" linafunsa linzake.

Njinga inkalemera ngati ndanyamula mudzi wonse. Khomo silinkathawa, koma chitunda chinkakula, mwakuti ndinayamba kukankha ndi chifuwa. Amalume ankayenda pambali panga osatuluka thukuta.

"Mukapanda kunena kanthu, tidziwa kuti mwasankha wodi," anatero. "Kungomasula manja basi. Kumeneko akhala nthawi yaitali. Sitikunama."

Ndinadziwa kuti sakunamadi.

A Likongwe sanacheuke. Ndinkangoona nkhongo yawo yowonda ndi makutu aakulu aja.

"Nasibeko," anandiitana, "ukandibwezera kumunsi chifukwa waganiza, ndivomera. Koma manja akangotopa, usadzandiuze kuti unasankha."

Ndinayesa kufufuza mumtima ngati ndikufuna kumtunda kapena kumunsi. Ndinapeza kuti nayonso mitima anaipendeketsa.

Chala changa chaching'ono chinamasuka chokha. Kenaka chotsatira. Amalume anakweza manja, okonzeka kuwomba m'manja.

Ndinatembenuka, nkutsamiritsa msana panjingayo, zidendene nkuzikanikiza pasimenti. Sitinakwere, sitinatsike. Kumbuyo kwanga amuna anga anapuma mozama.

"Kwathu kwagwa mvula," anatero.

Sindinathe kucheuka kuti ndione.