Pempho Lakanidwa

"Mphamvu yondikaniza anakupatsani ndani?" anafunsa Faruk asanakhale n'komwe. Anali atangotsika kabaza kuchokera ku Lirangwe, nsidze zili mbuu ndi fumbi.

"A Christopher," anayankha Diana, maso ali pa foni.

"A Christopher anakupatsani makiyi a pulogalamu, osati a miyendo yanga."

Gulu lawo linali la anthu asanu ndi mmodzi, ongodzipereka, amene anapanga pulogalamu ya pafoni yochenjeza alimi za mbozi za m'chimanga. Christopher, mtsogoleri wawo, popita kusukulu ku Zomba anasiyira Diana ntchito imodzi yokha, yolembedwa bwinobwino: kuona zithunzi za m'minda zomwe anzake atumiza, n'kuzivomereza. Koma dzana lake Faruk atalemba kuti akusiya gulu poti bambo ake akumufuna kusitolo, Diana anayankha ngati bwana wa muofesi: Pempho lakanidwa.

"Malamulo athu aja munataipa ndinu," anatero Faruk, akukhala pakhonde. "Amati chiyani?"

Diana ankawadziwa pamtima. Palibe wokakamizidwa ntchito. Wofuna kuchoka achoke. Wopatsidwa udindo asadumphe malire a zomwe analemberedwa.

"Amati Lirangwe isakhale yopanda munthu."

"Bodza, achemwali. Ndime imeneyo mwaiphika pompano. Komanso mnzathu Prince wavomera kale kulowa m'malo mwanga."

"Prince amajambula chala chake."

Faruk anaseka. Diana ayi. Ndege inadzuka pabwalo la Chileka, n'kudutsa pamwamba pa mitengo ya mango, ndipo Diana anaitsatira ndi maso mpaka inasanduka kadontho. Anzake a Fomu 4 onse anali atabalalika, wina ku Limbe, wina kubanja. Enawo a m'gulu anali mayina chabe pafoni. Koma Lachiwiri lililonse kunkabwera zithunzi za ku Lirangwe, masamba obookabooka, ndipo pambuyo pake kauthenga ka mawu ka Faruk: za mbuzi yothawa pamsika, za mvula yomwe yalambalala mudzi wawo. Ankakamvetsera kanayi, mwina kasanu.

"Ndikawauza a Christopher akulandani makiyiwo," anatero Faruk motsitsa mawu. "Sindikufuna zimenezo. Tangondiuzani, mukulimbana ndi chiyani?"

Diana anatsegula foni, nafufuta yankho lake lija. Dzina la Faruk anasiya kuti adzachotse Christopher, poti nayonso sinali ntchito yake.

"Za mbozi zilibe kanthu," anatero. "Ine ndimafuna Lachiwiri muzindiyankhulabe."